Geji ikakuuzani zimene simukufuna kumva

Tiyerekeze kuti mwatha zaka zisanu mukupanga ndege m'garaja ya kunyumba kwanu. Chitsulo chilichonse munachigwira ndi manja anu, misomali ya aluminiyamu zikwizikwi munakhoma nokha, ndipo waya aliyense munamudula ndi kumulumikiza nokha. Lero muli m'mwamba kachitatu. Mukukwera bwinobwino, injini ikulira mmene imalirira masiku onse, kenako diso likugwera pa nambala imodzi imene yasintha mtundu. Silinda yachitatu ikuonetsa kuti yatentha kuposa zinzake zitatu, ndipo nambalayo ikukwerabe.

Ganizo loyamba kufika m'mutu silivuta kulilota: geji yayamba misala. Mwina kawaya kamasuka, mwina sensa inabwera yakufa kale kuchokera kusitolo. Ganizo limeneli limafika msanga chifukwa ndi lokoma. Ngati yalakwa ndi geji, ulendo upitirira, ndalama zokonzera ndi zochepa, ndipo zaka zisanu zija sizinapite pachabe. Ngati yalakwa ndi injini, muyenera kutera msanga, ndipo mwina wolakwitsa ndinu. Chovuta n'chakuti ganizo lokomali nthawi zambiri limakhala loona, poti mageji amanamadi. Funso limene ndikufuna tilingalire ndi ili: munthu angadziwe bwanji kuti akukayikira mboni chifukwa mboniyo ndi yokayikitsa, osati chifukwa yanena zimene iye sakufuna kumva?

Kupanga ndege pakhomo ndi mwambo wokhazikika, makamaka ku America. M'chaka cha 1953 Paul Poberezny ndi anzake anayambitsa bungwe la Experimental Aircraft Association mumzinda wa Milwaukee, ndipo mpaka lero okonda ndege amasonkhana chaka chilichonse ku Oshkosh, m'chigawo cha Wisconsin, ndi ndege zikwizikwi. Ambiri sayamba ndi chitsulo chosasula. Amagula zidutswa zodulidwa kale n'kumazilumikiza okha. Zidutswa za kampani ya Van's Aircraft ya ku Oregon zasanduka ndege zouluka zoposa 10,000. Kuno kummwera kwa Africa, kampani ya Sling Aircraft, imene ili pabwalo la Tedderfield kufupi ndi Johannesburg, imagulitsanso ndege m'mabokosi kuti wogula akamalize yekha.

Lamulo la ku America limalola zimenezi pa mfundo zingapo. Ntchito yoposa theka iyenera kugwiridwa ndi anthu amene akupanga ndegeyo pofuna kuphunzira kapena kusangalala. Ikatha, iyenera kuuluka kaye maola oyeserera, kawirikawiri 25 kapena 40, m'dera limene yapatsidwa, yosanyamula okwera wamba. M'kati mwake mumamatidwa chenjezo loti wokwera aliyense adziwe kuti ndegeyo inapangidwa pakhomo ndipo sinadutse m'malamulo onse a ndege za kufakitale. Pali mfundo inanso imene ili pamtima penipeni pa nkhani yathu: amene anapanga ndegeyo akhoza kupatsidwa chiphaso choti aziiyendera yekha chaka ndi chaka n'kusainira kuti ili bwino. Choncho munthu mmodzi ndiye mmisiri, makaniko, woyendetsa, ndiponso woweruza pamlandu umene woimbidwa wake ndi ntchito ya manja ake. Akulu anati khoswe akakhala pamkhate sapheka. Apa khoswe ndi mkhate zonse ndi zake.

Ufulu umenewu uli ndi mtengo wake. Bungwe lofufuza ngozi la NTSB linatulutsa kafukufuku m'chaka cha 2012 woonetsa kuti ndege zopanga pakhomo zinali pafupifupi 10 pa 100 zilizonse za ndege zosakhala za makampani akuluakulu onyamula anthu kapena za asilikali, koma m'chaka cha 2011 zinali ndi gawo la 21 pa 100 la ngozi zimene munafa anthu. Kuzima kapena kufooka kwa injini kunali pakati pa zifukwa zazikulu, ndipo ngozi zochuluka ndithu zinachitika ndege zikadali zatsopano, kapena zitangofika m'manja mwa mwini watsopano.

Kuti timvetse chifukwa chake kukayikira geji si uchitsiru, tione kaye kuti geji n'chiyani. Geji siona injini. Imangolandira uthenga umene wadutsa m'manja ambiri. Pamutu pa silinda pamamangidwa kachipangizo kotchedwa thermocouple, komwe ndi mawaya awiri a zitsulo zosiyana olumikizidwa kunsonga. Thomas Seebeck anatulukira m'chaka cha 1821 kuti mfundo yotere ikatenthedwa pamabadwa mphamvu ya magetsi. Mphamvuyo ndi yochepa kwambiri, imawerengedwa m'timagawo ta volti imodzi itagawidwa ka 1,000. Kamphamvu kameneka kamayenda m'waya, kudutsa m'zolumikizira, pambali pa mawaya ena onyamula moto wa mapulagi, mpaka m'kabokosi kamene kamakasandutsa nambala. Nambala imeneyo ndi imene woyendetsa amaitcha kutentha kwa silinda.

Ntchito yanga ndi yomasulira, ndipo geji ndimaiona ngati mnzanga wa ntchito. Injini imalankhula m'chinenero cha kutentha, kugwedera ndi presha, ndipo geji imatembenuzira zimenezo m'chinenero cha manambala. Aliyense amene anaimapo pakati pa dokotala ndi wodwala, kapena pakati pa woweruza ndi woimbidwa mlandu, amadziwa mmene nkhope zimasinthira uthenga ukakhala wowawa. Maso onse amabwera pa iwe. Kodi wamva bwino? Tafunsanso. Uthenga ukakhala wokoma palibe amene amakupempha kubwereza. Ndipo sindingakane, omasulirafe timalakwitsadi, koma timalakwitsa pa zowawa ndi pa zokoma pomwe.

Njira zimene geji imanamira amisiri amazidziwa bwino. Mawaya a thermocouple akalumikizidwa mosinthanitsa, nambala imatsika pamene silinda ikutentha. Akawonjezeredwa ndi waya wa mtundu wosayenera, nambala imasochera. Masensa ena a presha ya oyilo amabweza magetsi kudzera m'thupi lawo lachitsulo pamene lakhudzana ndi injini, ndiye munthu akakulungapo tepi yoletsa kudontha akhoza kutseka njira ya magetsiyo osadziwa. Waya wa earth wa pakati pa injini ndi thupi la ndege akakhala wosamangika bwino, manambala amasuntha nthawi iliyonse mukayatsa nyali kapena mukalankhula pa wailesi. Pa ndege yopanga pakhomo, pomwe mfundo zambiri zinalumikizidwa ndi munthu amene akuchita zimenezi koyamba, zolakwika zotere sizidabwitsa.

Koma silinda yachitatu ija ikhoza kukhala ikutenthadi. Injini za Lycoming za masilinda anayi, zimene zili m'ndege zambiri zotere, zimazizira ndi mphepo, ndipo mphepoyo imalondoleredwa ndi zitsulo zopyapyala zotchinga zimene wopanga ndege amaika yekha. Chotchinga china chikapanikiza silinda ya kumbuyo, kapena chikasiya mpata woti mphepo izithawirapo, silindayo imatenthadi. Mafuta akamafika ochepa m'silinda imodzi, kapena mpweya ukamalowera pamfundo yomasuka, zimathanso kutero. Pa injini zambiri za mtundu umenewu Lycoming anaika malire pa madigiri 260 a Celsius, ndipo amalangiza kukhala pansi ndithu pa malirewo, poti aluminiyamu amafooka akatentha. Nambala imodzi yomweyo, tsono, ikhoza kutanthauza kawaya ka ndalama zochepa kapena injini imene yayamba kudzidya yokha.

Amisiri ali ndi njira zosiyanitsira ziwirizi. Yoyamba ndi kusinthanitsa. Chotsani sensa ya silinda yachitatu muiike pa yoyamba, ya pa yoyamba muiike pa yachitatu. Nambala yoipa ikasamuka pamodzi ndi sensa, vuto ndi sensa kapena waya wake. Ikatsalira pa silinda yachitatu, geji inkanena zoona. Yachiwiri ndi kuyerekeza ndi chinthu chodziwika kale. M'mawa, injini itagona usiku wonse, masensa onse a kutentha ayenera kunena chimodzimodzi, chofanana ndi kutentha kwa mpweya wa pamalopo. Mukhozanso kuviika sensa m'madzi owira, koma apa pamafunika kudziwa pamene mwaima: m'mphepete mwa nyanja yamchere madzi amawira pa madigiri 100, pomwe ku Johannesburg, chifukwa cha kukwera kwa malo, amawira cha m'ma 94. Woiwala zimenezi adzataya sensa yabwinobwino. Presha ya oyilo amaiyesa polumikiza geji ina yosadalira magetsi molunjika ku injini.

Yachitatu ndi kufunsa mboni zina, paja ichi n'chiyani n'kulinga muli awiri. Oyilo akamathadi, presha imatsika ndipo kawirikawiri kutentha kwake kumakwera, moti mageji awiri osiyana amasimba nkhani imodzi. Pulagi imodzi mwa ziwiri za m'silinda ikasiya kuyaka, utsi wa silindayo umatentha kuposa kale, ndipo mukazimitsa mbali ya moto imene ikugwira ntchito injini imanjenjemera. Yachinayi ndi kufunsa ngati zimene geji ikunena n'zotheka n'komwe. Mutu wa silinda ndi chitsulo cholemera, sungakwere madigiri 50 m'kamphindi n'kutsikanso. Nambala yodumphadumpha chotere ikunena za waya. Koma presha ya oyilo ikhoza kugwadi m'kamphindi paipi ikaphulika, ndiye nzeru yomweyi siigwira pamenepo.

Njira zinayizi zili ndi chinthu chimodzi chofanana: iliyonse ikhoza kukugwetsani pamlandu. Amene akusinthanitsa masensa wavomereza kale kuti yankho likhoza kukhala lakuti injini yake ikutentha. Apa ndi pamene ndikuona malire a mitundu iwiri ya kukayikira. Kukayikira koona kumadziikira muyeso, kumati ndikaona chakutichakuti ndivomereza kuti ndinalakwa. Kukayikira kodzitonthoza kumangotchula zifukwa zimene geji ikhoza kunamira, zonse zomveka, n'kulekera pomwepo. Kuli ngati munthu amene wauzidwa kuti mbuzi zake zalowa m'munda mwa eni, iye n'kuyamba kusimba mabodza onse amene wobweretsa uthengayo ananenapo chaka chatha, osapita kukhola kukawerenga mbuzi. Mwina wobweretsa uthengayo ananamadi chaka chathacho. Koma khola lili pafupi.

Wopanga ndege ali ndi vuto lina limene woyendetsa ndege ya kufakitale alibe. Geji ndi yake, injini anaimanga yekha, ndiye kulikonse kumene mlandu ungagwere ukugwera iye. Mtima umasankha mlandu wotsika mtengo. Kuvomera kuti ndinamanga kawaya molakwika n'kosavuta, munthu amatha kunena akuseka. Kuvomera kuti ndinaulutsa ndege imene injini yake imapsa kumaluma. N'chifukwa chake bungwe la Experimental Aircraft Association lili ndi alangizi ongodzipereka amene amayendera ndege za anzawo zikadali m'garaja. Mlendo alibe zaka zisanu zoti ateteze, ndiye diso lake limagwa pamene la mwini limalambalala.

Pali muyeso wina wovuta kuposa yonseyi. Kodi munayamba mwayesapo geji imene ikunena zabwino? Sensa imene imachotsa madigiri 30 pa kutentha kwenikweni ndi yolakwika mofanana ndi imene imawonjezera 30, koma yoyambayo ikhoza kukhala m'ndege zaka zambiri osakhudzidwa, mwini wake akunyadira kuti injini yake ndi yozizira. Zitsanzo zofufuzidwa bwino kwambiri za khalidwe limeneli zimachokera ku ndege zikuluzikulu, koma mtima wa munthu ndi womwewo. Pa 13 Januwale 1982, Boeing 737 ya kampani ya Air Florida inanyamuka ku Washington kukugwa chipale chofewa. Timapaipi toyezera mphamvu ya injini tinali titatsekeka ndi madzi oundana, ndipo mageji anaonetsa kuti mphamvu yakwana pamene inali yoperewera kwambiri. Wachiwiri kwa kaputeni ananena kangapo, ndege ikuthamanga pansi, kuti china chake sichili bwino, koma nambala inali yokoma ndipo kaputeni anapitiriza. Ndegeyo inagunda mlatho n'kugwera mumtsinje wa Potomac. Anthu 78 anafa, anayi mwa iwo ali pamlathopo. Mageji ena a injini zomwezo anali akunena zoona.

Nthawi zina geji sinama konse, koma ikuyankha funso limene sitinafunse. Pa injini zina zopopera mafuta ku silinda iliyonse, geji yolembedwa kuti ikuyeza kuchuluka kwa mafuta oyenda imakhala ikuyeza presha yake. Kabowo kamodzi kopopera kakatsekeka ndi kachitsotso, presha imakwera, ndipo geji imaonetsa ngati mafuta akuyenda ambiri pamene silinda ina ili ndi njala. Woyendetsa wongokhulupirira zolembedwa adzachepetsa mafuta n'kukulitsa vuto. Kumvera mboni, tsono, kumafunanso kudziwa pamene inaima ndi chimene inaonadi ndi maso.

Nanga geji imene tikudziwa kale kuti imanama, ife n'kuisiya? N'zosavuta kuzolowera. "Imeneyo imatero, musaiwerengere." Mawu amenewa timawamva m'magalimoto ndi m'maminibasi mmene kanyali kofiira kakhala kakuyaka miyezi. Ine ndikuganiza kuti kusiya geji yotere ndi mlandu, ngakhale injini itakhala yabwinobwino, chifukwa geji yonama imaphunzitsa. Tsiku lililonse ikachenjeza pachabe imazoloweza diso kuidumpha, ndipo chizolowezicho sichitsalira pa geji imodziyo.

Pa 8 Januwale 1989, Boeing 737-400 ya British Midland inanyamuka ku London kupita ku Belfast. Ili m'mwamba, tsamba limodzi la fani ya injini ya kumanzere linathyoka. Ndege inayamba kugwedera, ndipo m'kati munamveka fungo la utsi. Oyendetsa anazimitsa injini ya kumanja, imene inali yabwino. Patsogolo pawo panali timageji toyeza kugwedera, ndipo ka injini ya kumanzere kanali katafika kumapeto. Kaputeni anadzauza ofufuza kuti sankayang'ana kawirikawiri mageji a mtundu umenewu chifukwa pa ndege zina zimene anayendetsapo anali osadalirika. Pa ndege yatsopanoyi anali odalirika. Ena mwa okwera anaona malawi kumanzere, anamva kaputeni akulengeza za injini ya kumanja, nakhala chete poganiza kuti akatswiri akudziwa. Injini yodwalayo inagonja ali pafupi kutera, ndipo anagwa m'mphepete mwa msewu wa M1 pafupi ndi mudzi wa Kegworth. Mwa anthu 126, anafa 47. Zifukwa zinalipo zingapo, koma chimodzi mwa izo n'chakuti bodza la mageji akale analipira ndi geji yoona. N'chifukwa chake malamulo a ndege amafuna kuti chipangizo chakufa chikonzedwe, kapena chizimitsidwe n'kulembedwa poonekera kuti sichigwira ntchito. Geji yodziwika kuti ndi yakufa ili bwino kuposa yonena zoona mwa apo ndi apo.

Wina anganene kuti ndiye tizingomvera geji basi. Njira imeneyonso ili ndi manda ake. Pa 29 Disembala 1972, oyendetsa Lockheed L-1011 ya Eastern Air Lines akuyandikira Miami anaona kuti kanyali kobiriwira kosonyeza kuti tayala la kutsogolo latsika sikanayake. Tayalalo linali litatsika bwinobwino, chinapsa ndi babu. Onse m'chipinda choyendetsera anaika mtima pa kanyaliko, ndege n'kumatsika pang'onopang'ono mumdima iwo osazindikira, mpaka inagwera m'dambo la Everglades. Anthu 101 anafa. Chimodzimodzinso woyendetsa kandege ka injini imodzi amene angazimitse injini yabwino chifukwa cha sensa yakufa, n'kukatera m'munda, wadziponya m'ngozi yeniyeni pothawa yongoganizira.

Ndiye titani? Ndikuganiza kuti timasokonezeka chifukwa timaphatikiza mafunso awiri. Loyamba ndi lakuti zoona ndi ziti. Lachiwiri ndi lakuti ndichite chiyani ndisanadziwe zoonazo. Loyamba limayankhidwa pansi, injini itazima, ndi sipanala, madzi owira ndi nthawi, paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Lachiwiri limayankhidwa m'mwamba, ndipo silifuna kuti mukhulupirire geji ndi mtima wonse. Limangofuna kuti muyerekeze mitengo iwiri. Mukaimvera geji ili yonama, mwataya masana amodzi ndi mafuta pang'ono. Mukainyoza ili yoona, mukhoza kutaya injini pamwamba pa nkhalango. Choncho woyendetsa wanzeru amachita ngati geji ikunena zoona, koma amasankha zochita zimene zingabwezedwe. Amatsitsa mphuno ya ndege kuti mphepo ichuluke pa masilinda, amawonjezera mafuta kuti injini izizire, amachepetsa mphamvu, amatembenukira kubwalo lapafupi, maso ali panja. Sazimitsa injini imene ikukokabe, ndipo sazenga mlandu wa geji ali m'mwamba.

Chinyengo cha mtima chimasinthanitsa malo awiriwa. M'mwamba timasanduka akatswiri okayikira, n'kumadzifotokozera mwaluso chifukwa chake nambalayo singakhale yoona. Tikatera, mantha atatha, timasanduka okhulupirira msanga: poti tafika bwino, ndiye kuti inali geji. Koma kufika si umboni. Injini yotentha mopitirira ikhoza kukufikitsani maulendo angapo isanagonje, ndipo ulendo uliwonse wotere umakulitsa chikhulupiriro cholakwika.

Mpaka pano ndalankhula ngati kuti wopanga ndege akuika pachiswe moyo wake wokha. Zikanakhala choncho wina akanati ndi zake zimenezo. Koma ndege zambiri zotere zili ndi mpando wachiwiri, ndipo zimagulitsidwa. Woimba wa ku America John Denver anafa pa 12 Okutobala 1997 m'ndege yotchedwa Long-EZ, imene pulani yake anajambula ndi Burt Rutan koma anaipanga ndi munthu wina pakhomo. Denver anali atangoigula kumene. Pa pulani ya Rutan, chogwirira chosinthira mathanki a mafuta chimakhala pakati pa miyendo ya woyendetsa. Wopangayo anachiika kumbuyo kwa phewa la kumanzere pofuna kuti mapaipi a mafuta asadutse pamene pakhala munthu, ndipo chinalibe zolemba. Zoonera mafuta zinali kumpando wa kumbuyo, zopandanso zizindikiro za kuchuluka kwake, moti makaniko wina anamubwereka Denver kagalasi kuti aziziona. Ananyamuka osawonjezera mafuta. Injini itayamba kusowa mafuta, ofufuza a NTSB anapeza kuti potembenuka kuti afikire chogwiriracho anaponda chopondera chokhotetsera ndege, nagwera m'madzi a Monterey Bay ku California.

Denver anali ndi gawo lake pa ngoziyo, ndipo wopangayo sanafune kupweteka munthu, poti chimene anasunthira chogwiriracho chinali chitetezo. Koma taonani mmene zimakhalira. Munthu wopanga ndege amaidziwa pamtima: kuti chogwirira chikaloza uku ndiye thanki iti, kuti mafuta akaoneka apa ndiye atsala ochuluka bwanji, kuti geji iyi uzichotsapo khumi. Nzeru imeneyo imakhala m'mutu mwake, ndipo ndege ikasintha manja mutuwo umatsala kunyumba. Geji iliyonse imene imawerengeka ndi mwini wake yekha ndi msampha wodikira mlendo. Choncho kukonza geji, kuilemba bwino, ndi kulemba m'buku la ndege zonse zimene inachitapo, ndi ngongole kwa munthu amene simunamuonepo, amene adzakhala pampandopo inu kulibe.

Ambirife sitidzapanga ndege. Koma aliyense ali ndi chinthu chimene anachimanga ndi manja ake, ndipo ali ndi mageji ake: makina oyezera kuthamanga kwa magazi amene timati ndi abodza akaonetsa zokwera, wowerengera ndalama amene akuti bizinesi ikudya mpamba, aphunzitsi amene anena za khalidwe la mwana wathu, mnzathu wa m'banja amene wabwereza dandaulo lomwelo kachitatu. Onsewa akhoza kulakwitsa, ndipo ena amalakwitsadi. Wakutsina khutu ndi mnansi, koma si aliyense wotsina khutu amene waona bwino. Sitingachitire mwina, tiyenera kuyesa mboni zathu. Chimene garaja ya wopanga ndege ingatibwereke ndi mafunso oti tidzifunse poyesapo. Kodi ndachitapo chiyani chimene chikanatha kuonetsa kuti wolakwa ndine? Uthengawu ukanakhala wokoma, kodi ndikanaufufuza chomwechi? Nanga pamene ndikufufuzabe, kodi ndachepetsa liwiro n'kuyang'ana poterapo?

Tibwerere m'mwamba muja, silinda yachitatu ikukwera. Mwasiya kukwera, mwawonjezera mafuta, mwatembenukira kubwalo. Nambala yatsika pang'onopang'ono mmene chitsulo chimazizirira, ndipo zimenezo zakudetsani nkhawa m'malo mokutonthozani, poti waya womasuka satsika mwaulemu chotero. Mwatera. Mnzanu amene munamulonjeza kuti maola oyeserera akatha adzakhala woyamba kukwera akufunsa kuti zayenda bwanji, ndipo mwamuuza kuti tsiku lake latalikirapo. Mawa m'mawa, injini itazizira, mudzavula chivundikiro, mudzawerenga manambala anayi musanakhudze kanthu, kenako mudzasamutsa sensa. Nambala imene munaona m'mwamba mwailemba kale m'buku la ndege mmene inalili, musanadziwe ngati idzagwetsa geji kapena inu.